Foni ya M'thumba la Malemu

Foni ya Lahsen idatsala m'thumba la mkanjo wake wofiirira, wopachikidwa pa msomali kuseri kwa chitseko. Akapitawo a ku minda ya malalanje sankalola aganyu kunyamula mafoni, ndiye tsiku lomwe lole idagudubuzika anthu atapanikizana kumbuyo ngati nkhosa zopita kumsika, foni idapulumuka, mwini wake ayi.

Hadda, mkazi wake, ankaimva ikunjenjemera masana. Mkanjo unkagwedezeka pang'ono pachifuwa ngati muli munthu akupuma. Tsiku loyamba apongozi ake, a Yamna, adatchula dzina la Mulungu n'kuthawira panja. Hadda adangoyang'ana. Sadachite mantha, sadalirenso. Chibwerere mtembo, m'thupi mwake mudali zii, ngati mwendo womwe waukhalira nthawi yayitali: ukuuona kuti ndi wako, koma wina ataubaya ndi singano sungadziwe.

Adali pa eda. Miyezi inayi ndi masiku khumi mkazi wamasiye amavala zoyera kuyambira mpango mpaka masilipasi, sadzola zonunkhira, sadutsa geti, ndipo mwamuna amene si wa magazi ake akamuona amagwetsa nkhope, osamuyankhula. Zoyera za Hadda zidasokedwa mwachangu ndi telala wa pamsika, ndiye zidalibe thumba ngakhale limodzi.

"Thumba la chiyani?" adatero a Yamna. "Unyamula chiyani, ukupita kuti?"

Ntchito yake idali kukhala pa kapeti m'chipinda cha alendo, kulandira azimayi odzapepesa. Aliyense ankabwera ndi mbulu wa shuga wosongoka, wokutidwa m'pepala la buluu, monga mwa mwambo. Mibuluyo idadzaza pawindo, pansi pa tebulo, mpaka pakona pomwe Lahsen ankaswalira. Nyumba yopanda ufa wotha nawo mwezi idali ndi shuga wa zaka zitatu.

Amene ankatchaja foniyo mobisa adali Widad, mwana wawo yekhayo, wa zaka khumi ndi ziwiri. Sukulu ya m'mudzi imathera kalasi yachisanu ndi chimodzi. Wofuna kupitirira amapita m'tauni, kutsidya kwa mtsinje womwe mvula ikayamba sudziwa mwana wa munthu. Anyamata amagona kwa abale kapena kuseri kwa masitolo, koma mtsikana wopanda bedi ku hositelo ya boma sukulu yake yathera pomwepo. Widad adapeza bedi. Lahsen ndiye adamusenzera bulangeti paphewa sukulu itatsegulira, n'kubwerako akuuza aliyense pamsewu, ngakhale amene sadamufunse. Mwana adagonapo milungu yochepa chabe, kenako adadzamutenga ku maliro, ndipo kuyambira pamenepo palibe adanenapo za kubwerera.

Lachisanu masana, alendo atachoka, Hadda adamupeza atanjuta kuseri kwa chitseko, foni ili kukhutu.

"Ndani ameneyo?"

"A Si Driss, ahedi athu. Ndi gulu la makolo."

Linkatchedwa gulu la makolo, koma mudalibe mzimayi ndi mmodzi yemwe. Widad adakweza mawu a foni, ndipo m'nyumba ya maliro mudalowa liwu la munthu wokhuta, woyankhula mosathamanga.

"Mtendere ukhale nanu, makolo olemekezeka. Nazi zikumbutso za nyengo ino. Mphepo yayamba kuzizira, choncho mwana aliyense akhale ndi juzi, koma juziyo ivalidwe m'kati mwa yunifolomu yoyera, osati pamwamba. Madokotala a maso abwera Lachinayi. Kuyeza n'kwaulere, magalasi ayi. Nsabwe zabweranso m'kalasi yoyamba. Musatiuze kuti si mwana wanu, nsabwe zilibe bambo. Wojambula zithunzi abwera mwezi wa mawa, ana apese tsitsi. Mvula ikagwa kumapiri, mwana asayese kuwoloka mtsinje, ngakhale kwanuko kuli dzuwa."

Adatsokomola, pepala lidamveka kutembenuzidwa.

"Chomaliza. Azitona apsa, tikudziwa. Chaka ndi chaka ndimanena kuti mwana wa sukulu si ndodo yogwetsera azitona. Atsikana a ku hositelo amene adapita kwawo osabwerera, Lolemba swala ya masana ikadzakwana bedi lili lopanda munthu, tidzapereka kwa ena amene akudikira. Mwana abwere ndi kholo, asabwere yekha. Mulungu akusungeni."

Pambuyo pake padatsatira mayankho a azibambo. Wina adadalitsa ahedi ndi makolo awo. Wina adafunsa ngati dokotala wa maso angaonenso agogo. Wina adalengeza kuti akugulitsa bulu wamkazi wosaluma.

"Amayi, mwamva?"

"Ndamva."

"Bedi langa ndi la pawindo."

"Bweza foni m'thumba la abambo ako."

Tsiku lomwelo dzuwa litapendeka kudabwera a Mbarek, mkulu wake wa Lahsen. Sadalowe m'chipinda. Adaima pabwalo, msana atalozetsa ku katani ya pakhomo, n'kumayankhula ndi amayi awo ngati Hadda ali kudziko lina, chikhalirecho adali kuseri kwa nsaluyo, phazi lake likuoneka pansi.

"Amayi, auzeni alamu kuti mawa tiyamba kugwetsa ku mitengo ya kumunsi. Widad adzuke m'mawa."

"Akuti mawa ayamba kugwetsa," adatero a Yamna, kuyang'ana ku katani.

"Ndamva," adatero Hadda.

"Akuti amva."

"Lolemba ndikufunika ku sukulu, abambo aakulu," adatero Widad ali pakhomo la khitchini.

"Ndamumva Driss wakoyo, foni ndili nayo inenso. Iye mafuta ake amagula m'botolo. Amayi, auzeni alamu kuti m'nyumba muno mwachoka manja anayi. A mng'ono wanga ali m'manda, awo ali m'zoyera. Mitengo sidziwa eda. Mvula ikatipeza, zipatso zonse zithera m'matope, ndipo kuchigayo cha mafuta sasungira munthu malo. Chisanu chikafika adzasunsa buledi m'chiyani? M'buku?"

Sankanama a Mbarek, ndipo ichi ndicho chimawawa ndi anthu otere. Zonse zomwe adanena zidali zoona, kungoti choonadi chawocho chinkagwera pamutu pa mwana wa wina.

"Nanga Anas wanu?" adafunsa Widad. "Manja alibe?"

"Anas ali ndi mayeso."

"Omwe aja adalephera chaka chatha?"

A Yamna adamuponyera silipasi, idaphonya. A Mbarek adapuma mozama, akuyang'anabe khoma.

"Amayi, auzeni alamu kuti mwana wawo wamera mano m'kamwa. Tikatha kukolola adzabwerera ku sukulu kwakeko. Sukulu sithawa."

"Bedi limathawa," adatero Widad.

Onse adadikira kuti kuseri kwa katani kumveke mawu. Hadda ankayang'ana nyerere zomwe zidapeza kabowo pa pepala la mbulu wina wa shuga. Zinkalowa zopanda kanthu, n'kutuluka zitasenza. Adadziwa kuti pakufunika kuti anene kanthu, monga momwe munthu amadziwira kuti kunja kukuzizira ali m'nyumba.

Loweruka Widad adapita kumitengo. Adabwerako manja ali bii, ndi chilonda chaching'ono pansi pa diso pomwe nthambi idamukwapula. Sadadandaule, sadadyenso. Hadda adatenga beseni ndi ndimu n'kuyamba kumutsuka zala chimodzichimodzi. Utoto wa azitona sumva sopo. Dontho limodzi lakuda lidagwera pa mkono wa malaya oyera, n'kufalikira.

"Taona zomwe wachita," adatero a Yamna. "Anthu adzati chiyani, mkazi wa pa eda ndi mathothomathotho ngati wophika kumsika?"

Hadda adayang'ana banga lija nthawi yayitali. Kenako adanyamula beseni kukataya madzi. Ngalande ya pabwalo idali itatsekeka ndi masamba a mkuyu omwe ankayoyoka tsiku lonse, ndiye mosaganiza adakankha geti n'kuponda phazi limodzi kunja.

M'kanjira mudali anthu obwera kuchokera kumitengo. Mnyamata wa pa bulu adakoka chingwe mwamphamvu mpaka nyama idalowa m'minga. Madoda awiri adatembenukira ku khoma la eni ake ngati aona cholembedwa pamenepo. A Mbarek, omwe ankabwera kumbuyo atasenza thumba la azitona, adabwerera chafutambuyo, chidendene chidagunda mwala, thumba lidagwa. Njira yonse idakhala yopanda munthu, mpaka kumunsi komwe imakhotera.

Hadda adataya madzi n'kubwerera m'nyumba. Sadamve kukoma kapena manyazi. Adangochiona chinthucho, monga momwe umaonera kuti chitseko chomwe umayesa chokiya n'chongotsekedwa ndi mwala.

Lolemba m'mawa Widad adavala buluku lakale la abambo ake lopita nalo kumitengo. Hadda adati, "Vula. Vala yunifolomu. Juzi m'kati."

Mwanayo adamuyang'ana, ndipo sadafunse chilichonse, kuopa kuti funso lingaswe zomwe wamvazo. Hadda adapisa dzanja m'thumba la mkanjo wofiirira. Aka kadali koyamba kuukhudza chimwalirire mwini wake. Unkanunkha fodya ndi fumbi. Adatulutsa foni, adafuna poiika, padalibe, ndiye adailowetsa pachifuwa m'kati mwa malaya. Adatolanso mbulu umodzi wa shuga, poti kwa anthu sapita chimanjamanja.

A Yamna adaima pa geti, manja atatambasula.

"Wapenga? Ukadutsa pano mwana wanga atembenuka m'manda. Ndipo masiku onse wakhalawa apita pachabe, uyambiranso kuwerenga."

"Ndiyambiranso, amayi. Ndili ndi kwina kopita?"

"Dikira Mbarek, ndikamuitane."

"Kamuitaneni."

Gogoyo adayang'ana njira yotsetsereka, adayang'ana mawondo ake, n'kutsitsa manja.

Msewu wa galimoto uli kumunsi, ndipo kanjira kopita kumeneko kamadutsa pakati pa mitengo ya azitona. Mudzi wonse udali komweko. Malona adali atayalidwa pansi, ndodo zazitali zikumenya nthambi, azimayi akuimba nyimbo zonyoza azibambo a pamakwerero. Nyimbo idayamba kuduka mtengo ndi mtengo. Ndodo zidaima m'mwamba. Hadda ankayenda pakati, woyera mbee, dzanja lina litagwira mkono wa Widad, lina litafungata shuga ngati khanda.

A Mbarek adatsika pa makwerero n'kuima pakati pa kanjira, maso ali pa nsapato zawo.

"Widad, bwera kuno."

Widad adafuna kuima, koma dzanja la amayi ake lidamukoka.

"Widad, ndikuyankhula ndi iwe."

Hadda sadafulumire, sadachedwenso. Ankaona chipewa cha alamu ake chikuyandikira, ulusi wake wosomoka pamwamba, tsamba louma litakodwa pamenepo. A Mbarek adayang'ana uku ndi uku kufuna amayi awo, koma amayi awo adali kumtunda, pa geti. Adatembenukira ku mtengo.

"Wina awauze alamu kuti abwerere kunyumba."

Palibe adadzipereka. Akazi awo, a Fettouma, adali chogwada pa lona akutola zipatso, ndipo sadadzutse mutu.

"Fettouma, auze."

"Pakamwa panga pali fumbi, bambo. Auzeni nokha."

Padatsala phazi limodzi. Kuti amuletse, adayenera kumugwira, mkazi wa mng'ono wawo, wa pa eda, mudzi wonse ukuona. A Mbarek adalumphira pambali, n'kutera pa mulu wa azitona omwe adagwetsa okha m'mawawo. Zipatso zidaphulika pansi pa nsapato. Kumtengo wina mtsikana adaseka, wina adamutseka pakamwa.

Minibasi ya Slimane idali pamsewu ikudikira anthu a kumsika wa Lolemba. Azibambo atatu omwe adali pampando wakutsogolo adatsika okha osauzidwa n'kukadzipanikiza kumbuyo ndi nkhuku. Slimane adapotoza kalilole wake kuti ayang'ane kudenga.

"Iwe Widad, uwauze amayi ako kuti galimoto yangayi machimo ili nawo okwanira kale. Mabuleki ndi machimo, matayala ndi machimo. Akufuna andiwonjezere?"

"Akuti muyendetse, amalume."

"Anena liti? Ine sindidamve."

"Simuloledwa kumva."

Kumbuyo wina adatsokomola pofuna kubisa phwete. Slimane adapukusa mutu n'kuliza injini.

M'njira Hadda adatulutsa foni. "Undionetse motsegulira."

Widad adagwira chala cha amayi ake n'kuchiyendetsa pagalasi, kutsika, kenako kudzanja lamanja, ngati khasu. "Mukaona kachithunzi ka sukulu, mudine apa. Mawu atuluka okha."

Hadda adayesa kawiri, kachitatu idatseguka. Pagalasi padali chithunzi cha Widad ataima pa geti la hositelo, bulangeti lili pamutu.

Adadutsa pokhota pomwe lole idagudubuzikira. Slimane adachepetsa liwiro, azibambo akumbuyo adanong'ona pemphero. Hadda adayang'ana pawindo. Padali magalasi osweka m'mbali mwa msewu, ndi nsapato imodzi yapulasitiki yobiriwira, yomwe sidali ya Lahsen. Kumunsi kwake wina adali atalima kale, n'kubzala anyezi. Adadikira kuti mwina chinthu chimugwira pakhosi. Adangoona kuti mizere ya anyeziyo idali yokhota.

Mtsinje udali ndi madzi ofika m'mawondo a bulu, ofiirira. Kumapiri mvula idali itayamba.

Pabwalo la hositelo padali anthu kale. Azibambo ovala mikanjo ya kumapiri adakhala m'mbali mwa khoma, aliyense ndi mwana wake wamkazi ndi bulangeti lomanga ndi chingwe. Awa ndiwo ankadikira mabedi a atsikana osabwerera. Ena adanyamuka kwawo dzulo lake. Atsikana adali ambiri, mabedi ochepa, ndipo amene adakonza kuti zikhale choncho sadali pabwalopo, sadzapezekaponso. Amasiya ana a amphawi aziyang'anizana, aliyense akupempherera kuti mnzake asabwere.

Mzere udang'ambika pakati Hadda atalowa. Mlonda wa pa geti adayamba kufufuza kanthu m'thumba mwake mpaka iye atadutsa.

Woyang'anira hositelo, mayi Latifa, adali mzimayi wa m'tauni wovala magalasi. Iye yekha ndiye adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi omwe tsopano adali ofiira ndi dothi.

"Mayi, mwatuluka pa eda?"

"Mudati mwana abwere ndi kholo."

"Akadabwera naye abambo ake aakulu."

"Ali mumtengo."

Mayi Latifa adavula magalasi, adawapukuta, n'kutuma mwana kukaitana ahedi. A Si Driss adafika akupuma mwabefu. Adali munthu wamfupi, wochepa kuposa liwu lawo. Ataona zoyera adakweza maso kudenga, n'kuyamba kuyankhula ndi nyale.

"Mulungu akulitse mphotho yanu, mayi. Sitidadziwe kuti zili chonchi. Mukadangotumiza uthenga."

"Pagulu lanu palibe azimayi."

A Si Driss adayang'anabe nyale. "Ndi zoona. Tidzaziona zimenezo. Nanga tsopano zikumbutso tizitumiza kwa yani? Kwa abambo aakulu a mwanayu?"

"Pa nambala yomweyo. Ndimamva."

Adamupatsa podinda chala. Inki idasiya banga lina pa malaya. Hadda adapereka mbulu wa shuga kwa mayi Latifa, koma iwo adakana, akuti malamulo salola.

Bedi la pawindo lidali litapita kale. Atsikana adasinthana okha Widad kulibe, ndipo lomwe lidatsala lidali la pakhomo, pomwe aliyense wopita kuchimbudzi amaligunda ndi bondo. Bulangeti lake adalipeza litapindidwa pamwamba pa kabati.

"Langa lidali lija," adatero Widad. "Abambo ndiwo adandisankhira."

"Bedi ndi bedi. Yala."

Widad adayala. Kenako adatembenuka n'kukumbatira amayi ake mwamphamvu, nkhope ataikwirira pachifuwa pomwe padali foni. Hadda adamva kufinyidwa, adamva kutentha kwa mpweya wa mwana kudutsa nsalu. Adafufuza m'kati mwake mawu omwe mayi amanena pa nthawi ngati imeneyi. Adapeza a Si Driss okha.

"Juzi izikhala m'kati mwa yunifolomu. Lachinayi ukayezetse maso. Mvula ikagwa usawoloke mtsinje, ngakhale utamva kuti ndadwala."

"Nanga nsabwe?" adatero Widad, akuseka ndi misozi.

"Zilibe bambo. Uzisamala."

Potuluka adapeza mayi Latifa akuuza anthu a pabwalo kuti mabedi otsala ndi awiri okha, osati atatu. Bambo wina wamtali, wa ndevu zaimvi, adamvetsera mpaka kumapeto, adathokoza, n'kuwerama kuti asenze bulangeti lomwe sadalimasule n'komwe. Mwana wake, wamng'ono kuposa Widad, wa masaya ong'aluka ndi chisanu, sadagwetse nkhope. Adamuyang'ana Hadda m'maso, osaphethira.

Hadda adaima. Adaika mbulu wa shuga pafupi ndi mapazi a mwanayo.

"Shuga wa maliro," adatero mtsikanayo. "Kwathu aliponso wambiri."

Bambo ake adamukoka dzanja, nkhope ili kumbali. Adatuluka pa geti, bulangeti lili paphewa. Shuga adatsala pakati pa bwalo m'pepala lake la buluu, anthu akumulambalala.

Hadda adabwerera ndi minibasi yomweyo dzuwa lisadalowe. Pampando wakutsogolo adakhala yekha, ndipo Slimane, posowa womutuma, sadayankhule njira yonse. Kumitengo ndodo zinkamenyabe, koma nyimbo kudalibe. Adakwera kanjira pakati pa misana ya anthu.

A Yamna adali pabwalo akusankha mphodza.

"Azimayi abwera. Akuti uyambirenso kuwerenga kuyambira mawa."

"Ndamva."

"Mbarek akuti nyumba yomwe sidatole isayembekeze mafuta ofanana ndi anzawo."

"Ndamva."

"Ndamva, ndamva. Mawu ena ulibe?" Gogoyo adataya kamwala kutali. Patapita nthawi adafunsa, maso ali m'lichero, "Bedilo walipeza?"

"La pakhomo."

"Pakhomo pamazizira. Ukadamupatsa bulangeti la Lahsen."

Hadda adalowa m'nyumba. Adavula masilipasi ofiira aja n'kuwasiya pakhomo. Mkanjo wofiirira udali pa msomali pake, wosagwedezeka. Adauyang'ana, koma foni sadaibwezeremo. Adapita kukhitchini, adatenga thumba la ufa lomwe lidatha, adadulako kachigamba koyera kofanana ndi chikhatho, n'kukhala pa kapeti pakati pa mibulu ya shuga. Adalowetsa ulusi m'singano n'kuyamba kusokerera chigambacho pa malaya ali m'thupi, cham'chiuno kudzanja lamanja. Singano idamubaya pantchafu kamodzi. Adaona kadontho ka magazi kakutulukira pa nsalu, kenako, mochedwa, adamva kuwawa pang'ono.

Ali pafupi kumaliza, foni idanjenjemera pachifuwa. Adaitulutsa, adayendetsa chala kutsika, kenako kudzanja lamanja, n'kudina pa kachithunzi ka sukulu.

"Mtendere ukhale nanu, makolo olemekezeka," adatero a Si Driss. Adatsokomola. "Abambo ndi amayi. Tikukumbutsa kuti madokotala a maso sabweranso Lachinayi, abwera Lachitatu."

Hadda adaluma ulusi, adaika foni m'thumba, n'kupita kukathandiza apongozi ake kusankha mphodza.